Kugula Galimoto Wakale wa M'thengo

Munthu akagwira nchito zaka zambiri ku Migodi, nalandira ndalama zace za penshoni, kawirikawiri mtima wace uli pa galimoto wolimba amene angamfikitse kwao ku Petauke kapena ku Lundazi ngakhale m'dzinja. Mseu waukulu wa Great East uli ndi phula, koma njira yopatukira kumudzi ndi ya matope, mcenga ndi timitsinje topanda milatho. Galimoto watsopano wokoka ndi miyendo yonse inai ali ndi mtengo woopsa, cotero ambiri agula wakale. Apa ndipo ndalama za zaka makumi awiri zingathe kutha tsiku limodzi.

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa atsuka galimoto napukuta penti kuti anyezimire, koma moyo wa galimoto wa m'thengo uli kunsi. Wogula wanzeru abwera ndi thumba loyala pansi, nyali ndi kanyundo, nayamba wagona cagada asanakhale pa mpando.

Kunsiko kuli zitsulo ziwiri zazitali zonyamula galimoto yense, zimene amakanika amati casisi. Land Rover woyamba anatuluka mu 1948 ndi thupi la aluminiyamu, ndipo anatero mpaka Defender wakale analeka kupangidwa mu 2016. Aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira, motero thupi lioneka labwino zaka zambiri pamene casisi, cimene ndi citsulo wamba, cilikudyeka m'kati. Matope alowa m'zibowo zace nasunga cinyezi caka conse. Citsulo camoyo cikagogodedwa ndi nyundo cilira kuti ngwee, koma covunda cingoti phu, ndi kugwetsa makoko a dzimbiri. Malo oyenera kugogoda kwambiri ndi kumbuyo kumene amangako ngolo, ndi pamene pagwira masipulingi. Penti wakuda watsopano kunsi kwa galimoto wa zaka khumi ndi zisanu ayenera kudzutsa mafunso, pakuti anthu sakongoletsa pamalo posaoneka popanda cifukwa. Zigamba zowocerera ziulula kuti casisi cinathyokapo, ndipo matayala odyeka mbali imodzi kambiri anena kuti cinapindika.

Anthu a ku Migodi adziwa bwino mtundu wina wa msampha. Land Cruiser amene anagwira nchito m'mgodi angaonetse makilomita ocepa, koma anayenda maola osawerengeka pa giya waung'ono, akukwera ndi kutsika m'madzi a pansi amene adya citsulo msanga. Wocokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Nakonde nayenso afunika kumyang'ana, cifukwa kumpoto kwa dziko lija athira mcere m'miseu nthawi ya cisanu.

Asanadzuke pansipo, wogula apemphe makanika kuti atsegule potsekera mafuta a difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Mafuta akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti galimoto anaoloka mtsinje, madzi analowa, ndipo mwini wace sanasinthe mafutawo. Mano a m'katimo akhala atayamba kale kuonongeka.

Injini iyenera kuyesedwa m'mamawa isanalire tsikulo. Wogulitsa amene aitenthetsa mlendo asanafike angakhale alikubisa kuti ivuta kudzuka. Utsi wobiriwira ndiwo mafuta a injini alikupsa. Woyera wosaleka ngakhale injini itatentha ndiwo madzi alikulowa kumene sayenera. Wakuda kambiri ucokera ku mainjekita kapena sefa ya mpweya yodzala fumbi, ndipo umenewu ndiwo wocepa mtengo pa itatuyi. Injini ya dizilo ya 1HZ ya malita 4.2, imene Toyota anayamba kuika mu Land Cruiser mu 1990, ili ndi lamba wa m'kati wofunika kusintha pa makilomita 100,000 kapena 150,000 monga mwa caka cace. Akaduka lambayo, injini iphwanyika. Ngati palibe lisiti loonetsa kuti anasinthidwa, mtengo wace ucotsedwe pa malonda.

Cimene munthu alipirira ndalama zambiri ndico kukoka kwa miyendo inai, koma ogula ambiri azungulira m'tauni pa phula okha, nabwerako osagwira konse ndodo yaing'ono ija ili pambali pa giya. Galimoto apite naye pa mseu wa dothi, pakuti mitundu yambiri iumirizika ikakoka ndi miyendo yonse pa phula louma. Pamenepo alowetse giya waung'ono, akwere citunda ndi kutsikanso. Ndodo ikakana kulowa, kapena ikatumpha yokha potsika, kapena kutsogolo kukamalira kuti kha-kha-kha pokhota, nchito ya ndalama zambiri ilikudikira.

Manambala a makilomita abwezeka, koma mphira wa pa buleki ndi ciongolero cosalala sizinama.

Catsala ndi mapepala. Nambala ya casisi yodindidwa pa citsulo ndi ya injini ziyenera kulingana ndi zolembedwa m'buku la galimoto, limene anthu amati white book, ndipo dzina la m'bukumo likhale la munthu amene alikulandira ndalama. Pamene pali nambala pakaoneka kuti panapalidwa kapena kuwocereredwa, wogula asapereke ngakhale ngwee imodzi kufikira a RTSA ndi apolisi atatsimikiza kuti galimotoyo si wakuba, cifukwa wakuba alandidwa ngakhale m'manja mwa munthu amene anamgula mosadziwa.