NSIKIDZI: TIZILONDOLE KUMENE ZIBISALA

Acikumbi anzathu a ku Mlanje, munthu amene sanaone tulo usiku sagwira bwino khasu m'mawa. M'midzi yathu yambiri, ndiponso m'malaini a pa minda ya tiyi, mbala yakuba tulo ndiyo nsikidzi.

Nsikidzi ilibe mapiko. Imafika m'nyumba itabisala m'katundu, m'zofunda kapena m'zobvala zakale zogula pa msika. Usana imakhala m'ming'alu ya khoma, m'mfundo za kama ndi m'mphasa, ndipo imaturuka usiku kudzayamwa mwazi. Cifukwa cace kupopera mankhwala pakati pa cipinda ndiko kutaya ndalama. Tiyenera kuilondola kumene ibisala.

Yaikazi imamatiriza mazira ace m'ming'alumo, ndipo kuno kotentha amaswa patapita sabata limodzi kapena masiku 10. Mankhwala ambiri sapha mazira, ndipo ngakhale DDT inayamba kulephera kupha nsikidzi m'maiko ambiri m'zaka za m'ma 1950. Koma madzi owira amapha nsikidzi ndi mazira omwe. Motero tithire madzi owira m'mfundo zonse za kama, tiphike zofunda, tiyanike mphasa padzuwa, ndipo timate ming'alu ndi dothi. Pakapita masabata awiri tibwereze nchitoyi, kuti tiphe tiana taswa kumene tisanayambe kuikira.

Kusiya cipinda copanda munthu sikuthandiza, pakuti nsikidzi imapirira njala miyezi ingapo. Ndipo popeza imakwawa kupita ku cipinda coyandikana, tipangane ndi anansi athu kuti tonse tigwire nchitoyi tsiku limodzi.