Kodi Mumadziwa? Tinjira ta Pamwamba pa Lake Louise

Kodi mumadziwa kuti ku Canada kuli nyanja imene imakongola kwambiri ukaisiya kumbuyo n'kuyamba kukwera phiri? Ndi Lake Louise, m'mapiri a Rocky, m'chigawo cha Alberta. Kukula kwake n'kosadabwitsa: makilomita 2 m'litali, mamita 70 pamene yazama kwambiri. Msodzi wa ku Nkhotakota ataiona angafunse kuti nyanja mukunenayo ili kuti. Koma kanyanjaka kali pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo ukakwerako pang'ono n'kucheuka, madzi ake amaoneka obiriwira mopita ku buluu, ngati wina wakhuthuliramo ndowa za penti.

Penti mulibe. Muli ufa wa miyala. Kumtunda kwa nyanjayi, pa phiri la Victoria, kuli ayezi wochindikala amene wakhala akuunjikana kwa zaka zikwizikwi, ndipo amasendera kumunsi pang'onopang'ono ngati mtsinje waulesi. Eni dziko amamutcha glacier. Akamasendera choncho amapera thanthwe limene wakhalapo, monga mphero iperera mawere, mpaka mwala kusanduka fumbi losalala kuposa ufa woyera. Ayezi akasungunuka, madzi amakokolola fumbilo n'kutsikira nalo m'nyanja. Poti n'lopepuka, silikhazikika pansi msanga. Limangoyandama, dzuwa likawomba n'kumabweza kuwala kobiriwira kuja. N'chifukwa chake mtunduwo umakolera kwambiri mu Julayi ndi Ogasiti, pamene ayezi akusungunuka kwambiri ndipo ufa ukutsika wambiri.

Zosambira iwalani. Madziwo amazizira ngati a mufiriji ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Nyengo yozizira ikafika nyanja yonse imauma gwa, anthu n'kumayenda ndi kutsetsereka pamwamba pake, ndipo kawirikawiri imadzasungunuka cha kumayambiriro kwa Juni.

Kodi mumadziwa kuti nyanjayi yakhala ndi maina atatu? Anthu a mtundu wa Stoney Nakoda, amene ankasaka m'zigwa zimenezi kalekale, ankaitcha dzina lotanthauza nyanja ya tinsomba. Mu 1882 Tom Wilson, amene ankanyamula katundu pa mahatchi kuthandiza anthu oyeza podutsa njanji, anamva kugunda ngati kwa mabingu kuchokera kumapiri. Mwamuna wina wa Chistoney anamuuza kuti ndi chipale chofewa chikugumuka pamwamba pa nyanja ya tinsomba, ndipo anamulondolera komweko. Wilson anaitcha Emerald Lake. Mu 1884 dzina linasinthanso, polemekeza Louise Caroline Alberta, mwana wamkazi wa Mfumukazi Victoria, amene mwamuna wake anali bwanamkubwa wa Canada kuyambira 1878 mpaka 1883. Chigawo cha Alberta nachonso chinatenga dzina kwa mayi yemweyu. Mabuku ena amalemba kuti Wilson ndiye anatulukira nyanjayi, ngati kuti womulondolera uja ankayenda ali m'tulo. Nkhani yotereyi ife sitikuimva koyamba.

Nanga tinjira ta m'mapirimo analambula ndani? Tambiri mwa ito ndi ntchito ya kampani ya njanji. Canadian Pacific Railway inamaliza njanji yodutsa dziko lonselo mu 1885, chaka chomwe malo otetezedwa a Banff, m'mene muli nyanjayi lero, oyamba a mtundu wake ku Canada, anayambika. Njanji yodula choncho inkafuna okwera, ndipo akuluakulu a kampani anaona kuti mapiri angathe kugulitsa matikiti. Mu 1890 anamanga kanyumba ka mitengo m'mbali mwa nyanja, kamene kanadzakula n'kukhala hotela yaikulu ya Chateau Lake Louise. Kenaka anatumiza anthu ndi nkhwangwa ndi makasu kuti alendo olemera akhale ndi poyenda akatha kadzutsa.

Kanjira kotchuka kwambiri ndi kopita ku Lake Agnes. Ndi makilomita pafupifupi 3.5, koma ukukwera mamita pafupifupi 400, m'nkhalango ya mitengo yonga mikungudza. Panjira umapeza kadziwe kotchedwa Mirror Lake, kenaka mathithi, kenaka masitepe a matabwa amene amamaliza mphamvu zotsala m'mawondo. Pamwamba pa masitepewo pali nyanja ina, yaing'ono, yobisala pakati pa matanthwe. Nyanja pamwamba pa nyanja.

Ndipo pali tiyi. Kodi mumadziwa kuti pamtunda wa mamita 2,135 pali nyumba imene yakhala ikuphikira anthu tiyi kuyambira 1905? Kampani ya njanji inaimanga mu 1901 ngati pousira, ndipo imene ilipo lero inamangidwanso mu 1981. Magetsi kulibe, msewu kulibe. Zolemera monga ufa wa tirigu, shuga ndi gasi zimabwera pa helikopita, koma zakudya zosachedwa kuwonongeka ogwira ntchito amachita kubereka kumsana kuchokera kumunsi, kangapo pa sabata. Potsika amasenza zinyalala, ndipo mlendo wamtima wabwino amapemphedwa kutsitsako thumba limodzi. Buledi amaphika pompo. Amene amadandaula kuti tiyi wa kumeneko ndi wodula ayambe wanyamulako katundu wa m'khitchinimo ulendo umodzi.

Agnes mwini dzina anali mkazi wa John A. Macdonald, nduna yaikulu yoyamba ya Canada. Mayi ameneyu sanali wamantha. Mu 1886, ali pa ulendo wa sitima, anakana kukhala m'chipinda chaulemu n'kukakhala kutsogolo kwenikweni kwa injini, pa chitsulo chokankhira ng'ombe zoima panjanji, kuti aone bwino mapiri. Anayenda choncho mtunda wautali kulowera kugombe la Pacific.

Amene mawondo akadali nawo amazungulira Lake Agnes n'kukwera kanjira kokhotakhota ngati njoka mpaka pa Big Beehive, chithanthwe chooneka ngati mng'oma wa njuchi. Pamenepo Lake Louise imaoneka yonse pansi pako, mabwato a alendo ali ngati timbewu ta tsabola wofiira tomwazika m'mbale.

Kodi mumadziwa kuti m'tinjira timeneti ulemu ndi kuchita phokoso? Muli zimbalangondo, zakuda ndi zazikulu zija amati grizzly, ndipo choopsa kwambiri n'kuchidzidzimutsa, makamaka chachikazi chokhala ndi ana. Oyang'anira malowa a Parks Canada amalangiza anthu kuti aziyenda akulankhula mokweza, aziimba, aziwomba m'manja pokhota, ndipo azinyamula kachitini ka mankhwala a tsabola opopera kumaso kwa chilombocho zikavuta. Nthawi zina amalamula kuti m'tinjira tina anthu aziyenda anayi kapena kuposa, mothithikana. Chimbalangondo sichikufuna inu. Chili pa mpikisano ndi nyengo: chisanagone miyezi yozizira chiyenera kunenepa, ndipo grizzly wamkulu amatha kudya tizipatso tokwana 200,000 tsiku limodzi.

Kudyetsa nyama iliyonse n'kuphwanya lamulo, ndipo chindapusa chimatha kufika madola 25,000 a ku Canada. Agologolo a kumeneko sadziwa zimenezo. Amabwera mpaka pa nsapato kudzapempha.

Pa miyala yogumuka pali kanyama kotchedwa pika, kachibale ka kalulu koma ka makutu aafupi. Iko sikagona nyengo yozizira. Kamakhala chilimwe chonse kakudula udzu ndi maluwa, kuyanika, n'kututira pansi pa miyala ngati mlimi wodzaza nkhokwe. Mnansi wake marmot anasankha njira ina: amadya, amanenepa, n'kugona miyezi yoposa theka la chaka. Akaona choopsa amaimba likhweru lakuthwa moti mlendo amacheuka kuyesa wina akumuitana.

Kodi mumadziwa kuti kuli mtengo wooneka ngati paini umene umayoyola masamba chaka chilichonse? Ndi larch. Umamera kumtunda kumene mitengo ina yagonja, ndipo chakumapeto kwa Seputembala timasamba take tonga singano timasanduka tachikasu ngati golide, tisanagwe. Zimatenga masabata awiri kapena atatu basi. M'masiku amenewo anthu amakhamukira ku Larch Valley, pamwamba pa Moraine Lake, nyanja ina imene ili makilomita pafupifupi 14 kuchokera ku Lake Louise. Chithunzi cha Moraine Lake ndi nsonga khumi zoizungulira chinali kuseri kwa ndalama ya pepala ya madola 20 imene inatuluka mu 1969 ndi 1979. Kutchuka kunadzafika poipa: anthu ankafika usiku kukalimbirana poimika galimoto, mpaka mu 2023 msewu wopita kumeneko unatsekedwa kwa magalimoto a anthu wamba. Lero umakwera basi, kapena kupalasa njinga.

Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Musanyengeke nazo. Pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerako pang'ono, ndipo m'mapiri amenewa chipale chofewa chimatha kugwa mwezi uliwonse, ngakhale Julayi. Wonyamuka ndi malaya okha m'mawa amatha kubwerera mano akugundana.

Kanjira kamene ine ndimakaika patsogolo pa tonse ndi ka Plain of Six Glaciers. Kamayamba mofatsa m'mbali mwa nyanja, kudutsa pamene madzi amatope oyera aja amalowera, kenaka n'kukwera pa milu ya miyala imene ayezi anaitaya pobwerera m'mbuyo. Pakatha makilomita oposa 5 pali nyumba ina ya tiyi, ya miyala, yomangidwa m'ma 1920. Ukakhala pakhonde pake masana kukutentha, umamva kugunda kuja anamva Tom Wilson: zibuma za ayezi zikuthyoka pa phiri la Victoria n'kugwera kuphompho. Kawirikawiri diso limachedwa. Phokoso likamafika m'khutu, chogwacho chafika kale pansi, kwangotsala utsi woyera.

Phiri la Victoria ndi lotalika mamita 3,464, ndipo msana wake ndi malire a Alberta ndi British Columbia. Ndi malirenso a madzi. Dontho logwera mbali ya Lake Louise limalowa mumtsinje wa Bow, kenaka Saskatchewan, n'kukathera ku Hudson Bay. Logwera kuseri limatsata mtsinje wa Kicking Horse ndi wa Columbia mpaka ku Pacific. Mtambo umodzi, nyanja ziwiri.

Kodi mumadziwa kuti imfa ya munthu mmodzi ndi imene inabweretsa akatswiri a ku Switzerland m'mapiri amenewa? Pa 3 Ogasiti 1896, Philip Stanley Abbot, loya wachinyamata wa ku Boston, anali pafupi kufika pansonga ya phiri la Lefroy, loyandikana ndi Victoria. Anamasula chingwe chomulumikiza ndi anzake kuti aone podzera, ndipo anagwa. Imfa yake imawerengedwa kuti ndi yoyamba yodziwika pa masewera okwera mapiri ku North America. Bambo ake sanafune kuti anthu azinena kuti mwana wawo anafera chinthu chosatheka, choncho analimbikitsa kuti ulendowo ubwerezedwe. Pa 3 Ogasiti 1897, chaka chenicheni chitatha, gulu lotsogozedwa ndi Peter Sarbach wa ku Switzerland linaima pansonga ya Lefroy. Patangopita masiku awiri, ena mwa iwo anakweranso Victoria. Kampani ya njanji inaona phunziro ndi malonda nthawi imodzi, ndipo mu 1899 inalemba ntchito Edouard Feuz ndi Christian Häsler kuti azitsogolera alendo ake.

Otsogolera a ku Switzerland amenewa ndi amene mu 1922 anamanga nyumba ya miyala pampata wa pakati pa Victoria ndi Lefroy, n'kuitcha Abbot Pass Hut. Inali pamtunda wa mamita 2,925, kungotsala mamita osakwana 80 kuti ilingane ndi Sapitwa. Miyala anaswa pomwepo. Zina zonse, matabwa, simenti, mawindo, mbaula, zinayenda pa mahatchi mpaka pamene hatchi ingafike, kenaka pamsana pa anthu, kudzera m'mpata wa ayezi umene okwera mapiri anautcha Death Trap, msampha wa imfa, chifukwa zibuma zija zimagwera momwemo. Mu 1992 boma la Canada linaiika m'gulu la malo a mbiri ya dziko.

Chimene omangawo sakanachiona n'chakuti nyumbayo inkagwiridwa ndi ayezi wa pansi pa nthaka, amene ankamata miyala ya phirilo ngati simenti. Kunja kutayamba kutentha, ayeziyo anasungunuka, phiri n'kuyamba kugumuka kuchokera m'mbali mpaka kufika pa maziko. Mu 2018 nyumbayo inatsekedwa. Anayesa kulimbitsa thanthwe ndi zitsulo, koma kugumuka sikunaleke. Mu 2022, itangokwanitsa zaka 100, Parks Canada inatumiza amisiri kukaiphwasula isanagwere yokha kuphompho.