Nambala ya mfuti ndi laisensi yake

Mfuti yopangidwa kufakitale imakhala ndi nambala yakeyake yodindidwa pachitsulo, ndipo nambalayi ndiyo imalumikiza mfutiyo ndi mwini wake. Lamulo la mfuti la 1967 sililola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo kaundula wa mfuti ali m'manja mwa apolisi, omwe likulu lawo lili ku Area 30 mu Lilongwe.

Wofuna mfuti amayambira kupolisi ya dera lake: wa ku Biwi kapena Area 23 amapita ku Kawale, wa ku Area 25 kapena Mgona amapita ku Kanengo. Apolisi amafufuza mbiri yake ndi chimene akuifunira. Akamulola, laisensi imatchula dzina lake, mtundu wa mfuti ndi nambala yake, ndipo imakonzedwanso chaka ndi chaka.

Pambali pa nambala nthawi zambiri pamakhalanso zidindo zosonyeza kuti mfutiyo idayesedwa mphamvu isanagulitsidwe. Zidindozi zimaulula kumene idachokera, nthawi zina ndi chaka chomwe. Nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham idakhazikitsidwa mu 1813, ndipo kuyambira 1921 idayamba kuikapo chilembo choimira chaka. Mfuti za ku Liège, m'dziko la Belgium, zimadziwika ndi zilembo ELG. Mfuti zazing'ono za Tokarev ndi Makarov, zopangidwa ku Soviet Union, kawirikawiri zimakhala ndi chaka pafupi ndi nambala. Gogodela yosulidwa kumudzi ilibe zonsezi, komabe pamaso pa lamulo ndi mfuti ndithu.

Nambala ndi zidindozi n'zofunika chifukwa mfuti zambiri zidalowa pakati pa anthu mosalembedwa, makamaka nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, komanso asilikali atalanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Akuba amapala nambala kuti abise gwero la mfuti, koma akatswiri amatha kuiwerenganso ndi mankhwala, poti chidindo chimaphwanya chitsulo mpaka mkati.

Pomwe mabanja ambiri amalakwitsa ndi pa chuma cha masiye. Laisensi ndi ya munthu mmodzi, siyenda ndi katundu ngati njinga kapena wailesi. Mwini akamwalira, achibale ayenera kudziwitsa apolisi msanga, ngakhale mfutiyo ikhale yakalekale ya agogo. Woisunga mwakachetechete akhoza kuimbidwa mlandu wopezeka ndi mfuti popanda chilolezo.