Mkute, kagalu kamene kanatsala pang'ono kundichotsetsa pa lendi

Ndinakapeza m'ngalande ku Kawale, Loweruka lina nditangotsika minibasi. Poyamba ndinkayesa ndi chisaka chotayidwa. Chisakacho chitadzutsa mutu, ndinaona kuti ndi kagalu kopanda ubweya, khungu lili mbuu, mwendo wakutsogolo ukulendewera. Anyamata a kabaza ankangoseka. "Sisi, kasiyeni ako, kafa kale." Ine ndinavula chitenje n'kukakulunga.

Ndivomere, pamenepo ndinachita chibwana. Galu wosamudziwa satoledwa ndi manja chisawawa, chifukwa chiwewe chilipo ndipo chikayamba kuonekera pa munthu sichichizika. Mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinangochita mwayi, sikanandilume.

Kunyumba ku Area 23 ndimachita lendi, mpanda umodzi ndi mabanja ena atatu. Amayi alandilodi atakaona anagwira pakamwa. "Mwana wanga, mphere zimenezi ukufuna zifike kwa adzukulu anga?" Mantha awo anali omveka, pakuti mtundu wina wa mphere za agalu umayabwitsanso anthu. Ndinagwada ndithu. Anandipatsa miyezi iwiri, kupitirira apo ndisamuke ndi galu wangayo.

Aneba anandilangiza kuti ndikapake oyilo wakuda wa galimoto. Chonde, musamatero. Oyiloyo amaotcha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni. Ndinapita nako ku LSPCA, bungwe losamalira ziweto lomwe lakhala likugwira ntchito mu Lilongwe kuyambira 2008. Kumeneko amachiza ziweto, amapereka katemera wa chiwewe, amatseketsa agalu kuti asamangoswana, komanso amapezera agalu osowa pokhala mabanja owalera. Adokotala anati vuto ndi mphere, njoka za m'mimba ndi nkhupakupa. Mwendo uja unathyoka kalekale n'kupolera pokhota, ndiye kazitsimphina moyo wonse.

Kulera galu wodwala si zokongola ngati zithunzi za pa Facebook ayi. Ndinkakagoneka m'bafa lakale kuseri, pa makatoni omwe ndinkawaotcha masiku angapo aliwonse. Chakudya chake chinali phala la madeya lothira bonya, ndi nsima yotsala dzulo. Dzina loti Mkute linachokera pamenepo. Ndalama ya bando ndi ya saluni inathera ku mankhwala. Usiku kankadzikanda mpaka kulira, ine n'kumadzuka ndi tochi ya pafoni kukakatonthoza kuopa kuti alandilodi amva. Sabata yachisanu timaubweya tofiirira tinayamba kumera pamsana. Ndinajambula, n'kutumizira aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Chovuta chenicheni chinali kumupezera pokhala. Ndinaika pa status ya WhatsApp ndipo mafunso anali amodzimodzi: "Ndi hybrid? Amaluma?" Akamva zoti amatsimphina, zii. Ambirife timafuna galu ngati loko wapageti, osati chamoyo chofuna kudya ndi kubayitsa katemera chaka ndi chaka. N'chifukwa chake tiana ta agalu togulitsidwa m'mphepete mwa msewu timayenda malonda, tikadwala n'kutayidwa m'ngalande ngati muja.

Bambo wina wa ku Chinsapo anamutenga. Patatha masiku anayi ndinapita kukamuona mosawadziwitsa, ndipo ndinamupeza pa tcheni chachifupi padzuwa, mbale ya madzi ili gwa. Ndinamumasula n'kubwerera naye pa kabaza, masiku a alandilodi atatsala 9. Kuchokera apo ndinayamba kufunsa mopanda manyazi: mpanda ulipo? Adzagona pati? Mukasamuka mudzamutenga? Akadwala mudzatani?

Amene anayankha bwino anali agogo ena a ku Area 25, azakhali a mnzanga wa kuntchito, omwe galu wawo anafa ndi ukalamba. Anamuyang'ana akuyenda chotsimphina n'kuseka. "Mdzukulu wanga, nanenso bondo langali ndi lomweli. Tiziperekezana." Ndinawapatsa khadi la katemera ndi tsiku lokamufula, n'kutuluka pageti mwachangu kuti asaone misozi.

Mwezi watha amayi alandilodi anandiitana pakhonde. Mumtima ndinati basi, lendi yakwera. Koma anandilozera katoni yomwe inali pansi pa mpando wawo. Munali kagalu kena, maso odzaza mafinya, komwe mdzukulu wawo anatola ku Biwi.

"Paja mankhwala aja unkagula kuti?"