Mlendo, Chilolezo ndi Sukulu ya Mwana mu Mzinda wa Blantyre

Munthu wochokera kunja amene wapeza ntchito mu Blantyre kapena ku Limbe amayenera kukhala ndi Temporary Employment Permit, chilolezo chogwirira ntchito kwa zaka ziwiri chimene chimapemphedwa ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndi womulemba ntchitoyo, atasonyeza kuti luso lofunikalo ndi losowa pakati pa Amalawi. Wochita malonda amafunsira Business Residence Permit, chilolezo cha zaka zisanu.

Chimene chimasautsa makolo ambiri ochokera kunja ndi chakuti kukhala kwa mwana m'dziko muno kumatsamira pa chilolezo cha kholo, kotero kuti mapepala akachedwa kutuluka, nkhawa imafika mpaka pa malo ake a sukulu. Kusankha sukuluko nakonso n'kofunika kulingalira mofatsa, pakuti Saint Andrew's International High School ya ku Nyambadwe imatsata maphunziro a ku Britain, pamene sukulu za boma zimakonzekeretsa ana mayeso a MSCE, olembetsedwa ndi bungwe la MANEB, ndipo kusamutsa mwana kuchoka njira ina kupita ina ali pakati pa sekondale kumamubwezera m'mbuyo.