Musanafunse mtengo wa ekala

Anthu ambiri amatiika ife ogulitsa minda m'gulu limodzi ndi madobadoba, aja a mafoni awiri, oima pakati pa wogula ndi wogulitsa n'kudyapo yawo. Sindikwiya nazo, poti oterowo alipodi. Koma ine ntchito yogulitsa minda ndinaiyamba nditaphunzira za nthaka ku Bunda n'kugwirapo ulangizi, ndipo tsiku langa limathera pa kuwerenga mapepala ndi kuyenda m'malire.

Wogula akaimba foni amathamangira kufunsa kuti ekala ikupita pa zingati. Ine ndimayamba ndafufuza ngati wogulitsayo ali nayodi mphamvu yogulitsa. Kuno m'chigawo chapakati, kumene mabanja ambiri amatsata kuchikazi, bambo amene akukuonetsani munda akhoza kukhala mkamwini chabe. Eni nthaka ndi akuchikazi, ndipo mwina mwinimbumba sanamve n'komwe. Chidindo cha anyakwawa pachokha sichithetsa zimenezo. Tsiku lina mphwake wa malemu mwini mundawo atsika basi kuchokera ku Joni, mlandu n'kuyambika. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti oona za malo m'midzi komanso mwayi wolembetsa munda, koma banja likakhala kuti silinagwirizane, mtendere simuupeza.

Nkhani imene imanditayitsa nthawi kwambiri ndi ya maesiteti. Chisanafike chaka cha 1990, mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale. Amene ankalima anali a esiteti okha. Chifukwa cha ichi mabanja ambiri ku Kasungu, Mchinji ndi Dowa analembetsa minda yawo kuti ikhale ya lizi, ndipo malizi ambiri anali a zaka 21. Tawerengani nokha: lizi ya mu 1985 inatha mu 2006. Pepala lilipo, losungidwa bwino m'pulasitiki pansi pa sutikesi, mwana wa malemu akulitulutsa monyadira, koma masiku ake anatha kalekale. Nthawi zina pamakhalanso ngongole ya lendi ya boma ya zaka zambiri, kapena malowo anaikidwa chikole kubanki. Zonsezi sizioneka uli pamunda. Zimaoneka ukapita ku ofesi ya Lands kukafufuza m'kaundula, ndipo kusintha dzina pa lizi kumafunanso chilolezo cha boma.

Mapepala akakhala bwino, ndimavala magambutsi. Lizi imalemba mahekitala, wogulitsa amatchula maekala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka; pakusintha pamenepa ambiri amapunthwapo. Kumudzi ekala amaiyeza ndi mapazi 70 uku, 70 uko, koma miyendo ya anthu siifanana kutalika. Ndimafuna kuona ndi maso mabikoni onse, timiyala tasimenti tija anakwirira saveya, ngakhale pafunike kusadza ndi khasu m'tchire. Ndimaonanso zimene zili m'kati mwa malire. Ana a matenanti akale anamangamo nyumba zamalata? Muli manda? Mudutsa njira ya ng'ombe yopita kudambo? Anthu amenewo simudzawachotsa ndi kalata.

Nthaka ndiyo yosavuta, chifukwa siinama. Munda wa chimanga woyanga timaluwa tofiira ta kaufiti ndi wotopa, ndipo udzadya manyowa ndi feteleza zaka zingapo usanabweze. Makande amabereka, koma mvula ikagwa ngolo imatitimira mpaka m'matayala. Ndimalangiza wogula kuona malo kawiri: mu February kuti aone pamene madzi amadikha ndiponso ngati lole ingafike, mu October kuti aone ngati chitsime chikadali ndi madzi. Wofuna malo a ng'ombe ku Chikwawa kapena ku Nsanje alawe kaye madzi a pamjigo, chifukwa m'madera ena kumeneko ndi amchere. Kukula kwa malo kusakunamizeni: chiwerengero cha ng'ombe chimatengera msipu wotsala mu October, osati wobiriwira wa m'dzinja.

Achinyamata ofuna ntchitoyi, yambani mwadziwa ulimi, poti komishoni imabwera mwa apo ndi apo pamene mbiri yoipa imafala msanga. Inu ogula, lipirani saveya ndi loya musanapereke ngakhale ya chikole. Wogulitsa akayamba kukuuzani kuti mufulumire, mawa kukubwera wina wa ndalama zambiri, musiyireni winayo agule.