Matenda a maso: ng'ombe ndi mbira sizichizidwa mofanana

Mvula ikakhazikika ku dambo la Limphasa, m'boma la Nkhata Bay, ntchentche zimaswana kwambiri m'makola a matope. Ntchentchezi zikayamwa misozi ya ng'ombe yodwala n'kukatera pa inzake, zimafalitsa kachilombo ka Moraxella bovis komwe kamayambitsa nthenda ya maso.

Ng'ombe yodwala imatuluka misozi, imatsinzina komanso imathawa dzuwa. Pakapita masiku ochepa, pakati pa diso pamaoneka kadontho koyera, komwe kwenikweni ndi chilonda. Chikalekereredwa, diso limachita ng'ala kapena kuphulika, ndipo ng'ombeyo imaonda chifukwa cholephera kuona msipu.

Mlimi ayenera kuipatula msanga, kuiika pamthunzi ndi kuitana mlangizi wa ziweto, yemwe kawirikawiri amabaya jakisoni wa oxytetracycline. Mkaka ndi nyama yake zisadyedwe mpaka atatha masiku olembedwa pa botolo la mankhwalawo. Kuthira mchere kapena tsabola m'diso kumangokulitsa chilonda.

Mbira nazo zimadwala maso, makamaka zikabayidwa ndi udzu wouma kapena zikamakhala m'khola lonunkha mkodzo. Choyamba n'kutsuka disolo ndi madzi owiritsa ozizira, kuyeretsa khola ndi kuzipatsa masamba aawisi, popeza thupi la mbira silipanga lokha vitamini C.

Choopsa n'kuzipatsa mankhwala otsala a ng'ombe kapena a anthu. Penicillin ndi amoxicillin amapha tizilombo tothandiza m'matumbo mwa mbira, ndipo imatha kufa ndi kutsekula m'mimba diso lisanapole.